Mchere mu Diripu ya Tobiasi

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, chaka chimene migodi inagulitsidwa, pamene minibasi inagunda mng'ono wanga Tobiasi ku Masala. Ubongo wake unatupa. Dokotala anandiuza kuti amuika diripu ya madzi a mchere wambiri kuti kutupako kuphwe.

Amama analoza thumba la diripuyo. "Muli chiyani umu?"

Iwo amakhulupirira kuti mchere umadula wodwala, ndipo ndinaopa kuti akamva aizula.

"Shuga, amama."

Anagwada, nathokoza nesi chifukwa cha shugayo. Nesi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Mawa lake, Tobiasi ali chikomokere, ndinalawirira kukatembenuza thumbalo kuti malemba ayang'ane kukhoma, ngakhale amama sadziwa kuwerenga.