Manyowa a m'khola la kwathu

Ine dimba ndinaliyamba chifukwa cha mkwiyo. Tinali titangosamukira kufupi ndi Nselema, kumene bambo a kunyumba anawatumiza kukaphunzitsa, ndipo tsiku lina pochokera kuchigayo ndinadutsa padimba la munthu wina wogulitsa ndiwo. Ndinamupeza akupopera mankhwala repu, fungo lake loti ukalipuma mutu waphulika. M'mawa mwake repu yemweyo ndinamupeza pamsika, womanga kale m'timipukutu, akumuwaza madzi kuti aoneke bwino. Bambo a kunyumba n'kuti akuvutika ndi zilonda za m'mimba. Ndinabwerera ndi beseni lopanda kanthu, ndikulankhula ndekha njira yonse ngati wamisala. Ndinalumbira kuti ndidzala ndiwo zanga, zopanda mankhwala, zopanda feteleza.

Kulumbira n'kosavuta. Malo ndinalibe, madzi ndinalibe. Nyumba tinkachita lendi kwa mayi wina wamasiye, Msilamu, wogulitsa zitenje pamsika, ndipo yake inali kuseri kwa yathu. Ndinkawatchula achemwali poti anali aakulu kwa ine. Iwo ankanditchula aphunzitsi, ngakhale ine choko sindinagwirepo. Pabwalo pawo panali chitsime chosaphwa ngakhale m'chilimwe. Kumjigo kwa anthu onse kunkakhala mzere wa ndowa wofika kumsewu, ndipo ukayerekeza kutunga madzi othirira masamba akanakudya wamoyo.

Achemwaliwo ndiwo anali mnzanga yekhayo kumeneko. Amayi ena akakumana ankalankhula Chiyao chothamanga, ine n'kumangoseka pamene anzanga aseka. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kupereka moni wa m'mawa, ajimwiche uli, ndi kundiseka ndikaupotoza. Nditawafotokozera za dimba, sanachedwe. Anandilozera kamalo pakati pa nyumba ziwirizo, pamene ankatayapo phulusa, n'kunena kuti chitsime nacho chilipo, nditunge mmene ndingafunire.

Ndinagawula kamaloko mpaka matuza m'manja. Dothi lake linali gwa, lotuwa, khasu likungodumpha.

"Nthaka iyi ndi yotopa, aphunzitsi," anatero achemwali ataima chapafupi. "Popanda manyowa mungotaya mbewu."

Pomwepo ndinaimbira foni achimwene anga kumudzi, kwa Nsamala. Ndinati, "Achimwene, munditumizire manyowa a m'khola, aja owolerana bwino." Achemwali anamva ndi makutu awo, n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Nkhani yonse inagona pa mawu amenewo. Kwathu ndife Akatolika, ndipo chiyambire cha malemu bambo athu pakhomo pathu sitinawetepo mbuzi kapena ng'ombe. Kwathu ukati khola, aliyense amadziwa kuti ukunena la nkhumba, palibenso chowonjezera. Achemwali atamva khola, m'mutu mwawo munabwera mbuzi. Ine mutu wanga sunafike n'komwe kumeneko. Ndinkangoona masamba obiriwira.

Matumba anabwera pa lole ya matola. Manyowa ake anali akale, akuda bii, onyenyeka ngati dothi la kudambo, opanda fungo ngakhale pang'ono. Achemwali anakwinya mikono ya bulauzi, n'kugwada pambali panga, n'kuyamba kusakaniza ndi manja awo. Ankawayamikira kuti achimwene anga ndi mlimi weniweni.

Tinafesa nazale ya mpiru, chayinizi ndi tomato, n'kuphimbira ndi udzu wouma. Bonongwe anamera yekha osamuitana. Nkhuku za anthu zitaona zobiriwira zinaitanizana mudzi wonse, mpaka tinatchinga ndi neti yakale ya udzudzu. Titawokera, kunabwera nsabwe za m'masamba. Ine mtima unali m'mwamba, koma ndinali nditamva pa wailesi za masamba a nimu. Tinawasinja pamodzi ndi tsabola, n'kuwaviika m'madzi usiku wonse, n'kumawaza ndi tsache. Tsiku loyamba ndinadzigwira m'maso ndi dzanja la tsabolalo, ndipo achemwali anaseka mpaka kukhala pansi. Nsabwe zinachepa ndithu.

M'mawa uliwonse iwo akatha kupemphera ankaponya ndowa m'chitsime, ine n'kumanyamula kheni yothirira mbewu. Tinkakamba za ana, za amuna, za mitengo ya zinthu. Ndinasiya kuwerenga masiku oti sukulu itsekere kuti ndipite kumudzi. Ndinali wosangalala, ndipo ndinkadziwa kuti ndine wosangalala.

Mpiru utakula masamba ngati zikhatho za mwamuna, achimwene anabwera kudzationa. Achimwene angawo ndi munthu wabwino mtima, koma pakamwa pawo palibe chitseko, ndipo akamanong'ona amamveka kutsidya. Linali Lachisanu. Achemwali anali m'dimba ndi lichero, akuthyola mpiru woyamba weniweni kuti akaphikire abale awo obwera kuchokera kumzikiti. Achimwene anaima manja m'chiuno, n'kuyang'ana mabedi aja.

"Mwaona, mayi?" anatero. "Nkhumba zanga sizichititsa manyazi! Feteleza angafike apa?"

Achemwali anawongoka pang'onopang'ono.

"Nkhumba?"

"Eya, khola langa lomwe lija. Zilipo zonenepa bwino, mudzabwere mudzaone."

Achemwali anaika lichero pansi. Anayang'ana manja awo, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupempha chikhululukiro kwa Mulungu chapansipansi, "Astaghfirullah." Sanandiyang'ane. Analowa kwawo, ndipo ndinawamva akusamba m'manja mobwerezabwereza, akutikita ndi dothi lomwe.

Mayo ine! Ndinawakalipira achimwene mpaka anakwera basi tiyi asanamwe. Iwo ankangoti, "Nanga si munati a m'khola, mlongo wanga? Ine ndili ndi makola angati?" Ndipo sankanama.

M'mawa mwake ndinapita pachitsime ndi kheni yanga. Ndowa panalibe, chingwe panalibe, pachivundikiro atasanjikapo mwala. Ndinapereka moni pakhomo pawo, koma anayankha ali m'nyumba, mawu awiri basi.

Apo mkwiyo unatembenukira kwa iwo. Ndinauza bambo a kunyumba kuti dothi ndi dothi, nanga munthu amadya manyowa? Kodi repu wa pamsika amamufunsa kuti unamera pa chiyani? Bambo a kunyumba ndi munthu wofatsa mokwiyitsa. Anangoti, "Mayi, zimenezo mukawauze eni ake, ine ndilibe chitsime." Ndinalumbira kuti sindikapepesa munthu pa chinthu chimene sindinachite dala.

Ndinayamba kukatunga kumjigo. Amayi a kumeneko atazindikira kumene madzi akupita, anandinena m'Chiyao, ndipo tsiku limenelo ndinamva bwinobwino popanda womasulira. Ndowa imodzi kapena ziwiri sizikanakwanira. Masana chayinizi ankagona pansi, tomato akuyoyola maluwa. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali chimenecho. M'mawa ndinkamva achemwali akusesa kuseri kwa mpanda, pafupi poti ndikanatha kuwagwira, koma osandiitana kuti aphunzitsi. Ndinkawasowa zedi, moti chakudya sichinkalowa.

Mapeto ake ndinavala chitenje, n'kupita kukakhala pakhonde pawo. Anandisiya pamenepo nthawi ndithu. Kenako anatuluka ndi mphasa, n'kukhala chakumapeto kwake.

"Achemwali, sindinadziwe," ndinatero. "Kwathu tikati khola timanena la zimene zija. Sindinaganize."

"Nanga mbuzi kwanu zimagona kuti?"

"Kwathu kulibe mbuzi."

Pakamwa pawo panagwedezeka ngati afuna kuseka, koma anadzigwira. Anandiuza kuti anakafunsa kwa ashehe. Ashehewo anati popeza iwo sanadziwe, tchimo alibe, ndipo masamba omera pamenepo munthu akawatsuka bwino akhoza kudya.

"Ndiye basitu!" ndinatero, mtima utadumpha.

"Iyayi, aphunzitsi. Ashehe anena zawo, koma khosi langali silinapite ku madrasa. Ndikangouona mpiru uja mtima ukubwerera. Manja awa ndimadyera, ndimapempherera. Ndinagwada pamenepo n'kumasakaniza ngati ufa. Ndipo kheni yanu imakhala pa dothi limenelo, kenako pakamwa pa chitsime chimene ana anga amamwa. Sindikudana nanu. Koma sindingathe."

Sanandiuze kuti ndichite chiyani, ndipo malo awo sanandilande. Ndinabwerera kunyumba n'kukaima pakati pa mabedi aja. Anali masamba okongola kuposa onse amene ndinalimapo mpaka lero, ngakhale kuno ku Balaka kumene tikukhala tsopano.

Loweruka ndinazula zonse. Mpiru, chayinizi, tomato amene anali atayamba kumanga timbulu, bonongwe yemwe. Ndinagawira amayi a kumphakati wa tchalitchi chathu, iwo n'kumandifunsa ngati ndazungulira mutu. Kenako ine ndi bambo a kunyumba tinafukula dothi lonse lakuda lija mpaka titafika pa lofiira, n'kumalituta pa wilibala kupita nalo kudimba la kusukulu. Kheni nayo inapita komweko. Ndinkalira ndikukankha wilibalayo, kulira kwa mkwiyo ndi chisoni pamodzi. Achemwali anali pakhonde pawo akupinda zitenje.

Panatsala dzenje. Ndinati chabwino, dzenje lomwelo likhale la kompositi. Ndinadula mapesi tizidutswa, n'kuyala pansi, pamwamba pake masamba ouma, makoko a nthochi, phulusa la kukhitchini, zitosi za nkhuku zimene ndinkasesa pabwalo. Koma zinthu zouma siziwola popanda madzi, ndipo ndowe ndinalibe. Muluwo unangokhala duu, chiswe chikuyendamo.

M'mawa wina ndikutsegula chitseko ndinaona thumba lodzaza pafupi ndi dzenjelo. Achemwali anali ataima pamenepo, mpango kumutu, nkhope yosaseka.

"Izi ndi za mbuzi," anatero. "Mbuzi, aphunzitsi. Ija ili ndi nyanga, imalira mee. Ndakasesa ndekha kwa alongo anga."

Ndinaseka mpaka misozi, iwonso anaphulika. Pachitsime mwala unali utachotsedwa, chingwe chili pamalo pake. Tsiku lomwelo ndinakagula kheni yatsopano kwa okhoma zidebe.

Kompositi imafuna munthu wodekha, ndipo ine sindinabadwe choncho. Tinkathira madzi, n'kuphimba, n'kuzika ndodo pakati. Ukaizula ndodoyo n'kupeza yafunda, ndiye kuti zikupsa. Ine ndinkaizula kangapo patsiku mpaka achemwali anandiopseza kuti aibisa. Tinkatembenuza muluwo, n'kudikira, n'kutembenuzanso. Pamene unasanduka dothi lakuda, kunja n'kuti kwatentha kale, nthawi yabwino ya masamba itapita. Tinafesabe. Tinamanga kachisakasa ka udzu kutchingira dzuwa, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo.

Mpiru wachiwiriwu sunafike pa woyamba uja. Masamba ake anali ang'onoang'ono, ena obowoka. Achemwali ankatunga madzi, ankapalira, ankawaza nimu, koma tsamba sanathyolepo ngakhale limodzi. Ine ndinkaona, ndipo ndinkaopa kuwapatsa. Akanakana, sindikudziwa kuti nkhope ndikanaiika kuti.

Tsiku lina masana ndinathyola wokwanira, n'kuphika wotendera. Ndili m'khitchini, pakhomo panadutsa chithunzithunzi. Anali achemwali. Chifikireni chathu, iwo anali asanadyepo chophikidwa m'nyumba mwanga. Tinkapatsana zosaphika, ufa, nyemba, mango, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake popanda wondiuza.

"Mwatendera?" anafunsa.

"Eya."

Anasuzumira pamoto. "Mphika uwu unaphikapo chiyani?"

"Nyemba ndi masamba basi, achemwali. Nyama siinalowemo."

"Nanga mthikowu?"

"Chimodzimodzi."

Anakhala pa kampando kanga kophikira, n'kutambasula manja kuti ndiwathirire madzi. Ndinatenga jagi n'kuwathirira. Ndinawapakulira m'kambale, pambali mbatata yophika. Anati Bismillah, kutchula dzina la Mulungu, n'kutapa ndi zala, n'kuika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Ine ndinayang'ana kukhoma, poti misozi inali itayamba kale.

"Mchere wachepa, aphunzitsi," anatero, n'kutapanso kachiwiri.