Ndakomoka pa maliro a mwamuna wa eni

Mwaswera bwanji nonse. Ndikuuzeni ndekha musanamve kwa anthu: lero ndakomoka kumanda.

Tinapita kwa Kanduku ndi amayi anzanga a kwaya kukaika bambo wina wa mpingo wathu. Ndinanyamuka osalawa kanthu, mapiri onse aja wapansi. Pa siwa phala linalipo, koma ine ndinakana, ati ndikuchepetsa thupi. Thupi lake liti, inu mukundidziwa.

Dzuwa linali loswa mtengo. Tili mkati moimba, adzukulu akutsitsa bokosi, ndinangoona mdima, m'makutu kulira, basi ndili pansi. Ndipo sindinagwere patali ayi, ndinagwera pamapazi penipeni pa mkazi wa malemu.

Ndinatsitsimuka ndili pansi pa mtengo wa manachesi, amayi akundikupiza ndi zitenje, duku lili uko. Kumbuyo kwanga mayi wina akunong'ona: "Mwiniwake sanakomoke, wakomoka ndi uyu. Ndiye ameneyu eti?"

Abale anga, malemuwo ine ndinkangowapatsa moni pa tchalitchi. Dzina lawo loyamba ndalimvera pa maliro pomwepo.

Adokotala a ku chipatala cha Thambani ati ndi njala ndi kutentha basi, andimwetsa madzi a shuga. Koma ofunika kumva zimenezo si ine. Amuna anga, bambo a Chisomo, nkhani yawapeza kale pa msika, ndipo chibwerereni angondifunsa funso limodzi: "Munkadziwana nawo bwanji?"

Achemwali, alamu, ndithandizeni nzeru. Kabuku ka kuchipatalaka ndipite nako kwa namfedwa, kapena ndiyambe ndawawerengera bambo a kunyumba kunowa?