Tsiku Limene Amake Emmy Anakhala pa Mpando wa Amuna

Zoti amake Emmy anapita kwa sing'anga wa ku Chunga kukatemera mphini zolimbitsa mtima, limenelo ndi bodza. Zoti tsiku lija anali atamwa kachasu, bodza linanso. Amene akufalitsa zimenezi mu Kabwata ndi akulu a mpingo omwe aja anachita manyazi pamaliro a Mathias Miti, ndipo akusowa pobisa nkhope. Ine mayi ameneyu sindimukonda, musandiyese loya wake. Koma ndinalipo.

Dzina lake ndi Winifred Daka. Anachoka ku Katete chaka cha ufulu, atakwatiwa ndi mlonda wa pafakitale ina ku Heavy Industrial Area, ndipo chibwerereni tauni sanaizolowere. Msewu wa Cairo sawoloka yekha, amadikira wina woti amugwire chitenje. Pamsika ankagulitsa tomato wonyala. Anyamata a chipani akaima pageti kufunsa makadi, iye ankatulutsa lake akadali kutali, ataligwira ndi manja awiri ngati akupereka madzi kwa apongozi.

Mu Chigwirizano cha amayi sanapempherepo mokweza. Tsiku lina amayi busa anamuloza kuti atseke ndi pemphero. Anangoti "Atate," nkuyamba kutsokomola, mpaka tonse tinati ameni pomumvera chisoni. Abusa akamalalikira za Mzimu Woyera amene anatsikira ophunzira amantha aja atadzitsekera m'nyumba, ife kumbuyo tinkakodolana: "Akafika pa amake Emmy azabwelela."

Ndiye Mathias anamwalira, nkusiya mkazi wake Regina, ana ang'onoang'ono, ndi makina osokera amene ankadyetsa nyumba yonse. Mwambo wathu mukuudziwa. Katundu amatulutsidwa panja kuti olira akwane, amayi timakhala pansi m'nyumba, mipando ndi ya amuna pabwalo. Choncho katundu wa Regina anali kale panja, ngati woyala pamsika.

Titabwerako kumanda, mkulu wake wa malemu, ba Petros, anafika ndi lole. Ba Petros ndiwo tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Ukawakwiyitsa lero, mawa tebulo lako pamsika lapatsidwa wina. Anaima pakati pa bwalo, mimba patsogolo.

"Katundu wa m'bale wanga uyenda kumunzi. Imwe ba eluda, thandizani banyamata kukweza."

Ndipo akulu a mpingo athu, omwe Lamulungu amagwedeza malata ndi mapemphero, anavula majekete! A Gilson, amene amatikalipira tikachedwa kulowa m'tchalitchi, ndiwo ananyamula bedi. Regina analira ali m'nyumba: "Alamu, siyaniko makina chabe."

"Mulamu," anayankha ba Petros, "unabwela na makina pa ukwati?"

Pamenepo amake Emmy anadzuka pamkeka. Tinkayesa akupita kuchimbudzi. Anatuluka, nkudutsa pakati pa amuna osagwada, osawerama nkomwe, nkukakhala pa sofa imene anyamata awiri anali ataigwira kale miyendo. Mkazi, pamaliro, pampando wa amuna! Kenako anakokera makina aja pafupi nkuwakumbatira ngati mwana wodwala.

"Iwe mai, choka apo!" anakalipa ba Petros.

"Sinichoka, ba tcheyamani. Ninyamuleni pamozi na sofa, mukanitule kumunzi kwanu."

"Uniziba ine?"

"Nimuzibani. Na Mulungu amuzibani. Aba bana bazadya chani?"

Makina aja sanawataye, ndinaona ndi maso angawa. Anayamba kupemphera mokweza, osatsokomola, akutchula ana a Regina mmodzimmodzi, mpaka a m'nyumba za kutsidya kwa msewu anatsegula mawindo. Chimene chinatidzutsa ife sindikuchidziwa, tinangoona tonse a mabulauzi oyera tili panja. Wina pa situlu, wina pa tebulo, wina pa katoni ya mbale. Mayi Kalaba, anzathu onenepa a mu Chigwirizano, anakwera m'lole momwemo nkukhala pabedi. Tinayamba nyimbo. A Gilson anavalanso jekete mwakachetechete nkuyamba kuyang'ana nsapato zawo.

Ba Petros analamula anyamata kuti atikoke. Koma kukoka mayi wa Chigwirizano ali mu yunifolomu, Kabwata yense akuonerera, ngakhale anyamata a makadi anabwerera m'mbuyo. Mmodzi anachita kunong'ona: "Ba tcheyamani, baja bali pa tebulo ni bamai banga." Bedi analitsitsa mayi Kalaba ali pomwepo, akuimbabe. Lole inapita yopanda kanthu.

Makina aja akulirabe kwa Regina mpaka lero, ana akudya. Amake Emmy tebulo lake pamsika linalandidwa sabata yomweyo, tsopano amagulitsira pakhomo, ndipo tomato wake ndi wonyalabe. Musaganize kuti anasanduka mngelo. Ndi woumira, akabwereka sefa sabweza, ndipo msewu wa Cairo sawolokabe yekha. N'chifukwa chake akulu a mpingo akuti mphini, akuti kachasu. Mphini ziti, munthu wothawa jekeseni ku kiliniki? Kachasu uti, munthu amene ndi thobwa lomwe limamuzunguza mutu?

Zoona zake ndi izi: Mzimu Woyera anadumpha akulu a mpingo onse ndi majekete awo, nkukatera pa mkazi wamantha kuposa tonse mu Kabwata.