Kufunafuna ola limene ndinabadwa

Ndili mtsikana ndinkagwira ntchito kwa amwenye ena amene anali ndi sitolo ya nsalu pa Songani. M'sitolomo munkakhala mwamuna ndi mkazi wake. Ine ntchito yanga inali kuseri, kukhitchini, pamodzi ndi mayi a mwamunayo, gogo wamfupi wovala nsalu yoyera masiku onse. Tinkasankha mpunga limodzi, kusinja tsabola ndi kukanda ufa wa chapati. Chinyanja chawo chinali chothyokathyoka, koma tinkamvana bwino, ndipo ankanditcha "mwana yanga".

Tsiku limene ndinawauza kuti ndapeza banja, mnyamata wolima mpunga kusikimu ya Likangala, anasiya lichero pansi n'kundigwira masaya onse awiri. Kenako anati kwawo mtsikana sakwatiwa asanamuonere nyenyezi, ndipo iwo ntchitoyo anaiphunzira kwa bambo awo. Chimene ankafuna kwa ine chinali tsiku limene ndinabadwa, malo ake, ndi ola.

"Ola, agogo?"

"Ola! Wobadwa m'mawa, wobadwa madzulo, nyenyezi yosiyana. Pita chipatala, pita tchalitchi. Iwo analemba."

Ine ndinali Mkatolika woimba kwaya, za nyenyezizo sindinkazikhulupirira kwenikweni. Koma gogoyo ndinkawakonda, ndipo ndinaona kuti iyi ndi mphatso imene akufuna kundipatsa.

Atandipatsa tchuthi ndinamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, poti masiku amenewo wopanda khadi ankamubweza pakhomo la basi, n'kupita kumishoni kumene ndinabatizidwira. Akatekisiti anatulutsa buku lalikulu la ubatizo. Dzina langa linalimo, tsiku lobadwa linalimo, mudzi wathunso unalimo. Ola munalibe.

"Ola ukufuna ulitani?" anandifunsa.

"Akulifuna kuntchito."

Anapukusa mutu, nati ntchito za masiku ano zavuta. Kuchipatala cha pambali pake namwino anafufuza mokoma mtima, koma dzina la amayi silinapezeke. Anati zaka zimenezo amayi ambiri a kunyanja ankachirira kumudzi.

Ndinatsika kwathu, dera la Kuntumanji, ndikuganiza kuti amayi andiuza msanga. Ndinawapeza akupuntha mpunga pabwalo, abambo ali pakhonde kusoka ukonde. Nditafunsa, abambo ndi amene anayamba kuyankha.

"Unabadwa m'mamawa iwe, asodzi akuchokera kunyanja."

Amayi anaimika ndodo yopunthira m'mwamba. "Inu munalipo?"

Abambo anaweramira ukonde wawo. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi pamulu wa mpunga, kenako anandifotokozera nkhani imene sindinaimvepo chibadwire.

Chaka chimenecho matemba anagwa ambiri, ndipo abambo anakakhazikika pazimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamabango oyandama mkati mwa nyanja ya Chilwa. Mwezi unatha osabwera. Amayi anali ndi pakati potopa, uthenga atumiza kangapo, yankho lake n'kungobwera kamtanga ka matemba owuma. Tsiku lina anapsa mtima, osauza aliyense, n'kuuyamba ulendo wapansi wa kudoko kuti akawatenge okha. Asanafike, matenda anawayamba panjira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wa Asilamu umene sankadziwamo munthu. Mayi wina wogulitsa nsomba anawaona, n'kuwakokera m'nyumba mwake, ndipo ine ndinabadwira momwemo, pamkeka wa eni ake.

"Nanga m'buku la kutchalitchi alembamo mudzi wathu uno bwanji?"

"Ndikanawauza ansembe kuti ndinkathamangitsa mwamuna?" anatero amayi. "Za ola usandifunse. Ndinkamva ululu ine, sindinkayang'ana dzuwa. Kaya mayi uja akadali moyo, mwina angakumbuke."

Abambo anatsokomola, nati iwo anabwera atangomva. Amayi anati anabwera mchombo utagwa kale. Anakangana pang'ono, mkangano wa anthu amene anakhululukirana kalekale.

M'mawa mwake tinanyamuka awiri, ine ndi amayi, titasenza mpunga wopuntha ndi nkhuku. Njira inadutsa m'madambo, matope akuda akumata kumapazi. Amayi ankaima pafupipafupi, osati chifukwa chotopa, koma kundionetsa malo: apa ndi pamene msana unayamba, apo ndi pamene anapempha madzi akumwa. Ndinaona kuti ali ndi manyazi, chifukwa chibwerere kumeneko ndili khanda sanapondekonso.

Mtengo wa mango uja unalipo, ndipo ana anatilozera nyumba. Tinapeza mayi wokalamba, atafunda mpango kumutu, akuyanika matemba pathandala. Amayi anagwada n'kupereka moni, kenako anayamba kufotokoza mozungulira. Sanamalize. Mayiyo anawayang'anitsitsa, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndi kameneka? Kamene kanandinyowetsera mkeka wanga watsopano?"

Anandikumbatira, akununkha utsi ndi nsomba, n'kumandisisita msana ngati ndikadali wakhanda. Amayi anayamba kupepesa kuti sanabwerenso, iwo anawaletsa ndi dzanja. Anatiyalira mkeka, mdzukulu wawo anatiphikira tiyi, ndipo ndinafunsa funso langa lija.

"Wotchi ndinalibe, anganga," anatero, kunditchula monga amatchulira adzukulu awo. "Koma kumzikiti anali atangoitana swala ya dzuwa litapendeka. Ndinali nditasamba kale m'manja ndi kumapazi kuti ndiswali, ndiye ndikuona mayi akubuula pansi pa mango. Swala imeneyo sindinaswali panthawi yake. Unatuluka iwe dzuwa lisanafiire."

Anamwa tiyi pang'ono, n'kuwayang'ana amayi cham'mbali.

"Pali china chimene sindinakuuzeni, amayi. Inu mutagona, ine ndinamunyamula mwanayu n'kumunong'oneza mawu oitanira swala kukhutu, monga timachitira ndi ana athu. Bambo ake kunalibe, ndipo ndinaona kuti si bwino mwana ayambe kumva zina asanamve dzina la Mulungu."

Ndinachita mantha, poti amayi anali munthu wosaphonya Misa ngakhale mvula igwe chotani. Anayang'ana m'kapu mwawo. Kenako anati, "Ndiye n'chifukwa chake sadya nkhumba ameneyu! Ine kumumenya ali mwana, ndimvekere ndi matama." Tonse tinaseka, koma amayi ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo si yonse inali ya kuseka.

Nditabwerera ku Songani ndinawafotokozera gogo aja zonse. Anadandaula pang'ono kuti "dzuwa litapendeka" si ola, koma anawerengetsa pazala, n'kutsegula kabuku kawo ka zilembo zachilendo, n'kujambula papepala chibokosi chogawidwa timagawotimagawo. Anakhala nacho masana onse, ndiwo zinatsala pang'ono kupserera. Pomaliza anati banja langa lidzakhala, ana adzabwera, koma mwamunayo adzafunika kuleza mtima chifukwa ndine wouma mutu. Ndinawauza kuti zimenezo sizinafunike nyenyezi, akanangomva za amayi anga. Anandimenya ndi chipande paphewa.

Pepala lija silinakhalitse, chiswe chinalidya m'chaka chathu choyamba cha banja. Amwenyewo nawonso patapita zaka zochepa analamulidwa kuchoka m'misika ya kumidzi, nasamukira m'tauni, ndipo gogo aja anamwalirira kumeneko.

Paukwati wanga sanabwere, anati miyendo yawo singathe matope a kwathu, koma anatumiza nsalu ya diresi. Amene anabwera ndi mayi ogulitsa nsomba aja. Abambo anakawatenga okha panjinga yobwereka, ndipo asanatero anali atapita kumudzi woyandikana nafe kukapempha shehe kuti adzaphe mbuzi ndi nkhuku zonse za paukwatiwo, kuti mlendo wawo adye momasuka. M'tchalitchi mayiwo anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Koma kunyumba amayi anawakhazika pamkeka wa anankungwi, ndipo nthawi yolangiza itafika, iwo ndi amene anapatsidwa mwayi woyamba kulankhula.