Tuna Yopanda Bowo

Ku Bula, mumzinda wa General Santos, palibe mwamuna amene sanawerametsepo khosi pampando wa Nong Peryo Lumayag. Anayamba kumeta anthu ali mnyamata. Lumo ndi mwala wake wonolera analandira kwa bambo awo, ndipo mitu ya m'dera lonselo amaidziwa monga wogulitsa mavwende adziwira katundu wake: uwu ngolimba, uwu uli ndi zipsera, uwu mkati mulibe kanthu. Mkati mwa sabata amameta. Lamulungu, Misa yoyamba ikangotha, amasanduka msodzi wa tuna.

Bwato lawo ndi lowonda, la mapiko a nsungwi, injini yake yotsokomola ngati fodya wailowa. Analipaka utoto wachikasu n'kulembapo Rosalina 2. Rosalina 1 kulibe, ndipo sanakhaleko. Nong Peryo amati nambala imachititsa anthu kuganiza kuti uli ndi mabwato ambiri. Rosalina weniweni ndi akazi awo, Nang Saling, amene amagulitsa zakudya zophikaphika pakhonde la nyumba yawo.

Ulendo uliwonse amapita ndi mnzawo Insoy, woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Awiriwa amaitanana kuti pare, kutanthauza bwanawe. Insoy sadziwa kusambira ndipo amaopa dzuwa, choncho ntchito yake yaikulu m'bwato ndi kugwira ambulera. Amalowera kutali, mpaka mapiri a kumtunda atasanduka utsi, kukafika pa payaw, phaka la nsungwi loyandama lomwe nsomba zimasonkhana pansi pake. Kumeneko Nong Peryo amamangirira mbedza ndi nyambo pamwala, kuumiza, n'kugwedeza chingwe kuti mwala umasuke nyambo itsale pansi pomwe pamadutsa tuna. Kuponya kulikonse kumadya mwala umodzi, ndipo amanyamula makumi atatu. Pa zaka zisanu ndi zinayi, imeneyo ndi miyala yoposa zikwi khumi ndi zinayi, yokwanira nyumba ya zipinda zitatu ndi mpanda womwe. Tuna yomwe anapha pa miyala yonseyo: palibe. Nsomba za pa payaw zimawadziwa ngati bambo wachifundo amene amazibweretsera nyambo, kenako mafunde akamuvundula m'mimba amaziwonjezera ndi chakudya chake cham'mawa.

Koma kunyumba sankabwerako chimanjamanja. Pobwerera ankakhotera kudoko, kumene wamalonda wina ankawasungira ka tuna pa ayezi. Ankakagoneka m'bwato, kukawaza madzi a m'nyanja, n'kufika nako pagombe la Bula chifuwa chili patsogolo.

Vuto linali limodzi. Tuna iliyonse yotsika padoko imakumana ndi woyeza, munthu wa kachitsulo kobooka ngati bango, amene amaibaya kuseri kwa chipsepse n'kutulutsa kamnofu kuti aone giredi yake. Choncho nsomba zonse za Nong Peryo zinkafika ndi kabowo kozungulira bwino. Iwo ankati ndi pomwe amaimalizira ndi mkondo, ndipo Insoy ankachitira umboni dzanja lili pamtima. Analumbirapo ngakhale pamaso pa wansembe, paphwando la ubatizo.

Lamulungu lina Nang Saling anapisa chala m'kabowoko, nsomba ili pathebulo.

"Peryo, mkondo wanuwu ndi wopita kusukulu. Zaka zonsezi malo amodzimodzi."

"Dzanja la wometa, Saling. Siliphonya."

"Nanga kapepala ka sikelo kamatirira kumchiraka? Nsombayi inabadwa nako?"

Nong Peryo anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali. "Zam'nyanja n'zambiri," anatero.

"Ine ndinagwirapo ntchito padoko ndili mtsikana, mwaiwala? Ndakhala chete chifukwa nsomba yogula nayo imadyedwa. Koma filiji yanga yafa, ndipo pali munthu akufuna bwatolo. Lamulungu likubwerali mundibweretsere tuna yopanda bowo. Ikabwera yobooka, bwato lituluka, filiji ilowa."

"Bwato la dzina lanu lomwe?"

"Filijiyo mudzailembe Rosalina 3."

Kwa Insoy, Nong Peryo anangonena theka la nkhani. Akanamuuza bwanji munthu wolumbira pamaso pa wansembe kuti bodza lawo linkadziwika kuyambira tsiku loyamba? Anangoti, "Pare, Lamulungu tikapanda kupha yathuyathu, Rosalina 2 wapita."

"Ndiye tipempherere kuti wamalonda uja asadwale."

"Kudoko sitikhoterako."

Insoy anawagwira pachipumi kuti amve ngati atentha thupi.

Tsikulo nyanja inali yabata ngati mafuta m'chiwaya. Miyala inayamba kutsika. Wakhumi unapita, wa makumi awiri unapita. Nsomba zinadya nyambo mwaulemu n'kusiya mbedza ili mbee. Dzuwa litafika pamutu, m'thumba munatsala mchenga wokha.

"Tiyeni tizipita," anatero Insoy ali pansi pa ambulera. "Filiji si chinthu choipa. Mowa uzizizira."

Nong Peryo anapisa m'kachikwama n'kutulutsa mwala wonolera lumo, wa bambo awo uja, umene ankabwera nawo kuti azinolera mbedza. Unali wosalala, wokumbika pakati chifukwa cha manja a anthu awiri.

"Pare, mawa mumeta ndi chiyani? Mano?"

"Mitu idikira. Siithawa."

Anamangirira nyambo, anapsompsona mwalawo, naumiza. Chingwe chinatsika, chinatsika. Anachigwedeza, mwala unapita kwa anzake zikwi khumi ndi zinayi. Kenako chingwe chinathamanga m'manja mwawo ngati chakumbukira kuti chasiya mphika pamoto.

Pa zaka zonsezo Nong Peryo anafotokozera makasitomala momwe tuna imakokera, koma sanadziwe kuti imakokadi. Bwato linatembenuka lokha n'kuyamba ulendo injini ili zii. Insoy anagwa chagada, miyendo m'mwamba, ambulera osaitaya.

"Ikutitengera kuti?"

"Gwirani lamba wanga, pare."

"Ngati n'ku Indonesia ine ndilibe mapepala."

Analimbana nayo mpaka mthunzi wa ambulera unasamukira mbali ina. Nsomba imatenga mikono khumi, iwo n'kubweza itatu. Zikhato zinasupuka, buluku linatsika mpaka m'mawondo chifukwa cha kukoka kwa Insoy, ndipo koyamba m'moyo wawo wapanyanja Nong Peryo anaiwala kusanza. Pomaliza inayandama, yonenepa, zipsepse zachikasu ngati utoto wa bwatolo, makilo makumi anayi osachepera. Anaikola ndi ngowe m'kamwa, mosamala ngati akumeta khanda, kuti pathupi pasaoneke ngakhale kachikanda. Ayezi analibe. Popeza ankadziwa kuti sapha kanthu, anasiya kalekale kumunyamula.

Atafika pagombe, Nong Peryo analumpha bwato lisanaime.

"Ndikukatenga Saling aione ili m'bwato momwemo. Ikonzeni ioneke bwino, pare."

Insoy anatsala ndi nsomba. Anaitsuka, anaiwongola mchira, anabwerera m'mbuyo kuti aione bwino. China chake chinali kusowa. Nsomba zonse za mnzake zimakhala ndi chizindikiro cha mkondo, ndipo iyeyo ndiye mboni ya mkondowo. Mayi aja akaona yopanda bowo, sadzati zam'mbuyo zonse zinali zogula? Insoy ndi bwenzi lokhulupirika. Anapinda ambulera.

Nong Peryo anabwera akukoka akazi awo padzanja, m'mbuyo muli anthu a mumsewu wawo wonse, ena mbale zili m'manja. Anafika pabwato, anatambasula dzanja ngati wolengeza mkwatibwi, kenako dzanjalo linatsika lokha.

"Ndakuthandizani," Insoy anawanong'oneza, akutsinzinira diso limodzi. "Munaiwala mkondo."

Nong Peryo anakhala pansi pamchenga.

Nang Saling anazungulira bwato pang'onopang'ono. Anawerama, anayang'ana, anapisa chala. Anatulutsa kachisoti kapulasitiki ka kunsonga kwa ambulera n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense akaone.

"Ndinati yopanda bowo. Iyi ili ndi atatu."

"Awiriwo inkaterera, Nang," anatero Insoy.

"Saling, ndikulumbira pa mwala wa bambo anga..."

"Khalani chete, ndikugwira ntchito." Anapempha mpeni, anacheka pafupi ndi mchira. Mnofu unali wotuwa, wofewa, wopsa ndi kulimbana kwa nthawi yaitali ndi dzuwa lopanda ayezi. Ananunkhiza, anakwinya mphuno. Kenako anatenga manja a amuna awo n'kuwatembenuza, naona mizere yofiira ya chingwe.

"Woyeza wa padoko akabaya nsomba pamimba katatu ndi ambulera, amuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Mnofu uwu ulibe giredi, ngakhale mphaka angafunse kaye mtengo. Palibe angakugulitseni nsomba yoipa chonchi, ndipo inu ndi matama anuwo simungaigule." Anapukuta mpeni pa epuloni. "Uchitsiru wonsewu ndi wanuwanu. Mwapha nokha."

"Ndiye bwato?"

"Likhale. Koma popeza filiji kulibe, nsombayi ithe lero. Insoy, nyamulani kumutuko. Ambulera musiye."

Bula yense anadya tuna yowotcha madzulo amenewo, ndipo ndi viniga wambiri ndi tsabola inkamveka ngati nsomba ndithu. Mutu ndi mchira Nang Saling anaphikira makasitomala a Lolemba, amene anabwera ochuluka kuposa masiku onse kudzaona mabowo, mpaka mayiwo anayamba kuwerengera kuti nsomba zingati zoterezi zingabale filiji.

Nong Peryo anatsegula malo awo ometera manja ali m'mabandeji, lumo lili lobuntha. Sabata imeneyo amuna a ku Bula anayenda ndi mitu yokhota ngati minda ya m'phiri, koma palibe anadandaula, poti aliyense anametedwa ndi nkhani yomwe. Lolemba nsombayo inali makilo makumi anayi. Lachitatu inafika makumi asanu ndi limodzi. Pofika Loweruka inali itakokera bwato mpaka kuona magetsi a ku Indonesia, masana.

Lamulungu, Misa itatha, anthu anawaona Nong Peryo akutsikira kugombe ndi thumba la miyala makumi atatu, chidebe cha ayezi, ndi Insoy atavala chipewa.