Wolemba bukuli sanakwerepo bwato

Lachinayi lapitali ndinatsala pang'ono kunama pamaso pa anthu oposa khumi, buku lili m'manja. Ine, mphunzitsi wopuma, amene ndimawerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu lililonse! Dikirani ndikuuzeni mmene zinayendera.

Bukulo analisiya mlendo wina pa pensau, nyumba yogona alendo ya mphwanga, kuno ku Chiwanga. Lachingerezi, lonenepa, chikuto chitanyowapo n'kuuma. Chingerezi changa ndi chimene ndinatola ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndiye mphwangayo anangoti, "Tengani achimwene, mukalephera muziyatsira moto." Sindinayatsire moto. Ndinatsegula tsamba loyamba, tiyi wanga n'kuzizirira patebulo.

Nkhani yake ndi ya wofufuza milandu. Si wapolisi ayi, koma munthu wamba amene umamulemba ganyu kuti akakusakire choona. Mayi wina anamulemba kuti afufuze imfa ya mwamuna wake. Mwamunayo anapita panyanja ndi mnzake, mphepo inawuka, mnzakeyo n'kubwerako yekha.

Kulakwa kwanga kunali kufotokozerako a Zefa, mayi woyanika usipa amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale akudya. Anandimvera pang'ono n'kuti, "Kenako?" Ndinati sindinafike. Anati, "Ndiye mukudikira chiyani? Bwerani nalo kuno."

Kuyambira tsiku limenelo, kinze ora, ndiye kuti 3 koloko masana, ikakwana, ndinkakhala pansi pa mango pafupi ndi mathandala a usipa. Ndinkawerenga chamumtima ndime imodzi, n'kuinena m'chiyankhulo chathu. Tsiku loyamba tinali anayi. Pofika sabata yachiwiri, asodzi anali kubwera ndi maukonde awo kudzasokera pomwepo.

Inu amene mumati anthu athu sakonda mabuku, munayamba mwawawerengerapo? Ine zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, sindinaone kalasi yomvetsera chonchi. Ankakumbukira zimene ine ndaiwala. Ndikadumpha mzere, wina ankati, "Aphunzitsi, dzulo munati chitseko chinali chokhoma, lero walowa bwanji?" Ndimabwerera m'mbuyo, ndimapeza akunena zoona.

A Zefa ankadana naye wofufuzayo. "Munthu wolowa m'nyumba ya maliro osapepesa n'komwe, n'kuyamba kusegula makabati a eni ake! Analeredwa ndi ndani ameneyu?" Koma tsiku limene anthu oipa anamutsekera m'chipinda, a Zefa omwewo anaiwala usipa wawo pathandala mpaka akhwangwala anachita phwando. Wina ankati wakupha ndi wophika wa m'nyumba ya malemuyo. Wina ankati ndi mkazi yemweyo, chifukwa akulira kwambiri. Mkangano wake unkapitirira mpaka panjira.

Koma ine chitsiru, pali chinthu chimene sindinachiganizire.

Pagulupo panali amayi Agnesi ndi a Matiyasi. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, amuna a amayi Agnesi, a Barnaba, analowa panyanja ndi a Matiyasi m'bwato limodzi. Mphepo ya mwera inawapeza kutali. A Matiyasi anabwerako okha, ndipo mtembo sunapezeke. Palibe anawatengera kubwalo, palibe anawaloza chala poyera. Anthu ankangoti, "Munthu wodziwa kusambira ngati uja, osadumphira mnzake?" Mawu amenewo anawadya. Asodzi anasiya kukwera nawo bwato, iwo n'kusanduka wosokera anzawo maukonde. Amayi Agnesi, amene kale ankawatcha alamu, anasiya ngakhale moni. M'tchalitchi nthawi yopatsana mtendere, dzanja lawo linkawadumpha a Matiyasi, tonse tikuona.

Ndinazindikira tsiku limene ndinawerenga za ulendo wa panyanja wa anthu awiri a m'buku aja. Ndinafuna kuleka, koma mawa lake onse awiri anabweranso, wina mbali iyi, wina mbali iyo. A Matiyasi sankadzutsa mutu pa ukonde. Ndinadziwa kuti amene akuzengedwa mlandu pano salinso munthu wa m'buku.

Lachitatu m'mawa mtima unandikanika, ndinasuzumira kumapeto. Mayo ine! Wakupha ndi mnzake uja. Ndipo umboni wa wofufuzayo ndi uwu: munthuyo anali katswiri wosambira, koma sanadumphire m'madzi. Bwenzi lenileni, akutero wofufuzayo, likadadziponya.

Pagulu lonse lija, wodziwa Chingerezi ndinali ndekha. Ndikadanena kuti ndi wophika, akadanditsutsa ndani? Wophika wa m'buku alibe ana kuno, sapemphera nafe. A Matiyasi ndi munthu wamoyo, woti ndikumana naye panjira mawa. Ndinapita Lachinayi nditakonza bodza langa bwinobwino, ndi umboni wake womwe.

Nditafika pa ndimeyo, lilime linakana. Sindikudzitama kuti ndine woyera, mwina anali mantha chabe, poti anthu aja amagwira ngakhale chitseko chokhoma. Ndinanena zimene zinalembedwa.

"Ndinanena ine!" anakuwa a Zefa, kenako anagwira pakamwa. Maso onse anatembenukira kwa a Matiyasi, ena mobisa, ena mosabisa. Dzanja lawo linaima pa ukonde. Ndinalakalaka mchenga utandimeza.

"Aphunzitsi, tabwerezani pamenepo." Anali amayi Agnesi, amene masabata awiri onsewo sanayankhulepo.

Ndinabwereza.

"Umboni wake ndi womwewo basi? Woti sanadumphe?"

"Ndi womwewo, mayi."

"Wolemba bukuli sanakwerepo bwato," anatero. "Tonse pano tinakulira panyanja. Mnzako akagwera m'madzi pa mwera, sudziponya. Ukasiya bwato, mphepo ilitenga, maliro akhala awiri. Umamuponyera nkhafi kuti agwire. Wofufuza wanuyo anawerenga nkhafi zimene zinabwerako?"

Ndinatembenuza masamba uku ndi uku. "Sanatchule za nkhafi."

"Ndiye sanafufuze kanthu. Wamangitsa munthu wosalakwa."

Asodzi anayamba kugwedeza mitu. Lamulo limeneli aliyense amalidziwa, amaphunzitsa ana awo. Nanga zaka zonsezi linali kuti?

Amayi Agnesi anaimirira, nakonza chitenje. Sankayang'ana munthu. "Tsiku lija a Matiyasi anafika padooko akupalasa ndi thabwa lokhalira. Tonse tinaona, palibe anafunsa kuti nkhafi yawo ili kuti. Patapita masabata awiri, amayi ena a kumpoto, njira ya ku Kobwe, anatola nkhafi kugombe kumene mwera umatayira zinthu. Anabwera nayo kwa ine poyesa kuti ndi ya amuna anga. Sinali yawo. Pachigwiriro panali chizindikiro cha a Matiyasi, chowotcha ndi msomali." Analoza kunyumba kwawo. "Ili kudenga kwanga mpaka lero. Ndinkafuna munthu woti ndimukwiyire. Nyanja sungaikwiyire, mawa lake uyenera kukatungamo madzi."

Abale, ine ndawerengapo mabuku, koma mawu otere sindinawapezemo.

Kenako anatembenuka. "Alamu, mubwere mudzatenge nkhafi yanu."

A Matiyasi, bambo wa imvi, anadzutsa mutu pa ukonde. Anati, "Anaigwira, mlamu. Ndinaona ndi maso anga ataigwira. Funde lachiwiri ndi limene linandilanda." Anabisa nkhope mu ukonde, nalira monga sanalire pamaliro paja, poti tsiku limenelo tinawakhazika kumbuyo ngati mlendo. A Zefa nawonso anali kulira, akutukwana wolemba buku ndi makolo ake omwe.

Sindikunyoza bukulo ayi. Linatigwira pakhosi masabata awiri, ndipo amene analilemba amadziwa ntchito yake. Koma ndinali kuganiza kuti chiweruzo chomaliza ndi cha wolemba, chifukwa ndi chosindikizidwa. Mayi amene sanamalize kalasi yachitatu anamvetsera mpaka kumapeto, nayeza umboni, naukana. Kodi kuwerenga kwenikweni si kumeneko?

Ndipo chandiluma ndi ichi. Munthu wa m'buku tinamupatsa masabata awiri. Tinakangana, tinabwerera m'mbuyo, tinafunsa za chitseko ndi za wophika. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa iyeyu tinadekha. Koma mnzathu wodya naye, wobatizidwa naye chitsime chimodzi, tinamuweruza tsiku limodzi, popanda funso ngakhale limodzi. Milandu yathu yambiri imayenda choncho. Siifika kubwalo, imangoyenda pa mawu akuti "akuti", kumathandala, kumadzi, pamaliro, mpaka munthu kusanduka mlendo m'mudzi mwake. Tikadamutengera kubwalo bwenzi atayankhako.

Ine ndinalipo padooko tsiku lija. Thabwa lija ndinaliona. Ndinali mphunzitsi, munthu wa mafunso, koma sindinafunse. Ndipo Lachinayi ndinapita ndi bodza m'thumba, ndikuyesa kuti ndikuwachitira chifundo a Matiyasi. Ndikadanama, wophika akadamangidwa, ife tikadaomba m'manja, nkhafi ikadakhalabe kudenga.

Dzulo ndinawaona a Matiyasi akudutsa nayo paphewa, yakuda ndi mwaye, akupita kukaitsuka. Asodzi awiri anawaitana kuti akaone bwato lawo latsopano. Zaka zisanu ndi zinayi sizibwerera, koma anaima, nayankha.

Buku lija a Zefa akuti tsopano ndikhoza kuyatsira moto. Ndakana, ndalisunga. Koma inu amene mukuwerenga, tayang'anani kudenga kwanu. Kuli nkhafi ya yani?