Mmene Che Dinala Anapesera Dambo

Che Dinala ntchito yawo inali kupesa mchenga. Musaseke, ndi ntchito imeneyo, ndipo inawadyetsa kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Anzawo ankapita kokoka makoka, ena ankakwera basi ya ku Joni. Iwo ayi. M'mawa akangotuluka mu mzikiti ankaika reki paphewa, ulendo ku koteji ya mmwenye wina wa ku Limbe, kuno ku Makawa, kukapesa gombe. Mwini wakeyo ankabwera pa tchuthi pokha, koma Che Dinala ankapesa tsiku ndi tsiku, alendo alipo, alendo palibe. Kachitsotso, chigoba cha nkhono, bango longotulutsa kumene mutu, zonse ankazula n'kutaya. Pomaliza ankayenda chafutambuyo kufufuta mapazi awo omwe, kenako n'kuima pa simenti kuyang'ana mizere ija ili ndondondo ngati mutu wa mkwatibwi.

Ukawafunsa kuti bwanji mumadzivutitsa chonchi, ankangoti, "Nanga mlendo akatulukira lero, apeze zinyalala?"

Munthuyu analinso wolota masana. Manja akupesa, maso ali kutsidya ku mapiri a ku Malindi, mutu uli kwina. Ankati mafunde aja si mphepo ayi, ndi mnzawo wina wa kutsidyako amene amapesa madzi, ndipo mizere yake imadzathera pa mapazi awo. Ukawapatsa moni nthawi imeneyo ankayankha mochedwa, ngati moniwo wayamba wazungulira nyanja.

Kwawo kwenikweni kunali ku Katuli. Kuno anabwera chikamwini, kudzakwatira Abiti Wadi, mayi woyanika usipa, wa pakamwa posachedwa. Ndiye kuseri kwa nyumba yawo, cha kunyanja, kunali dambo la mbumba ya Abiti Wadi. Dambo lake loipa zedi. Bango, gumbwa, namasupuni, madzi odikha obiriwira, nkhono zili mbwee, udzudzu wake wochita kulira ngati njinga yamoto. Mwana aliyense wosamba mmenemo ankakodza magazi. Dambo limeneli linkawachititsa manyazi Che Dinala moyo wawo wonse. Munthu wopesa gombe la eni, kwawo kuli chonchi! Koma akangoyang'anako ndi reki m'manja, Abiti Wadi ankatulukira.

"Kumeneko n'kwa amayi anga, Che Dinala. Bango limenelo ndi mphasa zanga, ndi mpanda wanga. Chipeso chanucho mukapesere amwenye anu."

Ana awo aamuna onse anapita ku Joni, anasanduka mawu a pa foni. Pakhomo panatsala Zakia, chitsirizira, mwana amene Che Dinala ankamuona ngati diso lawo. Zakia anaphunzira ku Blantyre zoyeza magazi ndi mikodzo, zoyang'ana tizirombo m'makina aja otsinzinira diso limodzi. Anakhoza bwinobwino. Koma ntchito osaoneka. Chaka chinatha, china chinatha, mtsikana wa sukulu akutembenuza usipa pa thandala ndi amayi ake. Mapeto ake achimwene ake anati abwere ku Joni, kuli shopu ikufuna wogulitsa. Zakia anavomera, n'kupita ku Blantyre kwa azakhali ake kukadikira pasipoti.

Masiku amenewo mizere ya Che Dinala pa mchenga inkakhota. Ankadziwa kuti Joni akameza mwana sabweza, ndipo uyu akapita ndiye kuti pakhomo patsala nkhalamba ziwiri zoyang'anizana.

Zakia ali ku Blantyre komweko, kunabwera galimoto yoyera, n'kuima pafupi ndi dambo lija. Munatuluka mayi wina wamfupi wa magalasi, atavala majombo a mphira ofika m'mawondo. Anati dzina lawo ndi a Tiyanjana, dokotala, koma osati wobaya jakisoni. Iwo ndi anzawo ankafuna malo oti amangepo nyumba yaikulu ya kafukufuku, yophunziriramo za nkhono, udzudzu, nsomba ndi matenda a likodzo. Anali atayenda kale. Ku Katuli msewu unawakana. Ku Chowe madzi anali kutali. Kunatsala malo ena kupitirira Malindi, ndi kuno.

Atapempha chilolezo kwa Abiti Wadi, analowa m'dambo muja, phwava phwava, ndi sefa yomangirira ku ndodo. Akavuula, sefa yodzaza nkhono. Ankazitola ndi kachitsulo n'kumaika m'mabotolo, uku akuitana anzawo kuti adzaone. Che Dinala anaima kumtunda kofia ali m'manja, akufuna nthaka iwameze. Mumtima ankati, taonani, alendo akutola okha uve wathu.

Potuluka, mayi aja anali akumwetulira, matope mpaka m'chigongono.

"Malo ano atisangalatsa, bambo. Msewu wa tala uli pafupi, magetsi ali pafupi. Mvula ikatha tibweranso ndi akuluakulu athu adzaone okha, ndiye tidzasankha."

Che Dinala anasendera pafupi. "Pepani mayi. M'nyumba mwanumo, oyeza magazi ndi mikodzo adzafunikamo?"

"Amenewo ndiye oyambirira kulembedwa."

Galimoto inapita. Nawonso a dokotalawo sananene kuti pamalopa pasakhudzidwe. Koma ndani angaganize kuti munthu wamutu wake angapese dambo?

Kuyambira tsiku limenelo Che Dinala anasamukira m'maloto. Akaima kuseri kwa nyumba sankaonanso bango. Ankaona nyumba yoyera ya mawindo ambirimbiri, nyanja yonse ikuoneka m'magalasi mwake, nsomba zikusambira m'makoma. Ankaona Zakia atavala chikhoti choyera pamwamba pa hijabu yake, akutuluka pakhomo pawo, kudutsa pa mtengo wa mango, n'kulowa pa ntchito tiyi asanazizire m'mimba. Masana ankamuona akubwera kudzaswali kunyumba. Ankaonanso zidzukulu zimene zinali zisanabadwe, zikuthamanga pa khonde la nyumbayo, ndipo ankazikalipira kuti zisaponde maluwa. Tsiku lina Abiti Wadi anawapeza akukalipira mphepo.

"Mwayamba misala?"

"Abiti, khalani pansi. Munamva kuti kukubwera akuluakulu. Mayi aja ndi Mmalawi mnzathu, anatimvera chisoni, sanafune kutichititsa manyazi. Koma akuluakulu? Azungu? Ine ndawagwirira ntchito moyo wanga wonse, ndimawadziwa. Akaona chigoba chimodzi cha nkhono amaitana woyang'anira. Ndiye tiwalandire pa uve pomwepa? Adzatenga nyumba yawo kupita nayo kutsidya."

"Nanga mphasa zanga?"

"Mphasa kapena Zakia?"

Pakamwa pa Abiti Wadi panatsekeka koyamba chikwatirane. M'mawa mwake anatuluka okha ndi chikwakwa, n'kuitana abale awo onse aakazi. Anagwirizana kuti Zakia asauzidwe pa foni, adzangoona zitatheka.

Ntchito imene inagwiridwa pamenepo, abale inu! Amayi anamweta bango ndi gumbwa, n'kuunjika, n'kutentha, utsi mpaka ku msewu. Namasupuni anamukokera kumtunda kuti aume. Che Dinala anakumba ngalande, madzi obiriwira aja n'kutsikira m'nyanja. Nkhono ankazitola m'matumba n'kukazikhuthula pa thanthwe kuti dzuwa lizimalize. Kenako wilibala, mchenga, wilibala, mchenga, msana kuchita kulira. Achule anasamuka. Mbalame zoluka zisa m'bango zinazungulira masiku angapo, zikufunsana, kenako nazo zinapita. Pomaliza anatola miyala, anaipaka laimu, n'kuindandalika kuyambira ku msewu mpaka ku madzi. Ndiye anatenga reki yawo. Sanapesepo chonchija chiyambire, ngakhale kwa mmwenye. Mchenga unali see, woyera mbee, wochita kuthobwa m'maso.

Tsiku lija linafika. Che Dinala anavala mkanjo wa pa Idi, Abiti Wadi anaphika thobwa. Kunabwera galimoto zingapo. A Tiyanjana anatsika poyamba, kenako azungu awiri ndi bambo wina wamkulu wa mimba, onse atavala majombo a mphira, onse atanyamula sefa. Anatsata miyala ya laimu ija. Atafika kumapeto anaima. A Tiyanjana anayang'ana uku, anayang'ana uko, anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Bambo, kodi tasochera? Dambo lija lili kuti?"

"Ndi pomwepa mwaimapa, mayi." Che Dinala anagwira pachifuwa. "Takukonzerani."

"Nkhono zija?"

"Musadandaule. Olo imodzi simuipeza. Ndinayenda ndekha chokwawa."

"Udzudzu?"

"Unathawa. Tikugona ngati makanda."

Mayi aja anakhala pansi pa mchenga pomwepo, sefa ili pamiyendo. Sanakalipe. Anayankhula pang'onopang'ono ngati akupepesa maliro. Anati iwo ankafuna malo amene nkhono zikuswana zokha, udzudzu ukuikira wokha, kuti azingotuluka pakhomo n'kumaziona mmene zimakhalira chaka chonse. Dambo lija ndiye linali chuma chake. Kuti libwerere mwakale papita zaka, ndipo akuluakuluwa sangadikire.

"Cholakwa ndi changa, bambo. Ndikanakuuzani."

Che Dinala anamva mawu onsewo, koma ankamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Maso awo anali pa mapazi a majombo amene anadinda mizere yawo yonse. Mzungu mmodzi anajambula gombelo n'kunena kudzera kwa a Tiyanjana kuti sanaonepo mchenga wosamalidwa chonchi. Che Dinala anathokoza. Alendo anamwa thobwa chifukwa cha ulemu, n'kukwera galimoto zawo, kuzungulira pa mlatho wa ku boma, ulendo kutsidya. Kumeneko akuti anapeza dambo lonunkha bwino, loti eni ake sanaligwirepo chibadwire. Anasankha komweko.

Zakia anafika sabata yomweyo, pasipoti ili m'chikwama. Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuima. Amayi ake anamufotokozera zonse, osabisa, osakometsa. Mtsikana anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwada, mpaka kugwira mchenga, ndipo pamene ankadzuka nkhope inali yonyowa.

"Ababa, foni munali nayo. Bwanji osandifunsa?"

"Ndimafuna udzaone zokongola, mama."

"Ndaona, Ababa. N'zokongoladi."

Che Dinala anamupempha kuti adikire. Kutsidya si kutali, boti limawoloka, akamanga adzalemba anthu. Zakia anati kumanga nyumba yotero si lero si mawa, ndipo iye watopa kununkha usipa ndi satifiketi m'sutikesi. Ikanakhala kuseri kwa nyumba kuno, bwenzi akuona njerwa zikukwera, mtima n'kumakhazikika. Koma kudikira chinthu cha kutsidya, cha eni ake amene nawonso ali ndi ana awo ophunzira, ayi. Anakwera basi ya ku Joni. Chimene anawasiyira ndi mawu akuti, "Akamaliza mudzandiuze."

Patapita miyezi, Abiti Wadi anawagwira amuna awo akuchokera ku mudzi woyandikana nawo, ndowa ili pamutu ngati mkazi. Atasuzumiramo, nkhono.

"Izi n'zachiyani?"

"Mbewu. Ndikatseka ngalande ija, ziswana. Mwina mayi aja adzadutsanso."

"Inu! Chaka chino mwamvapo mwana wa pano akukodza magazi? Mwamvapo? Bango langa munatentha, mwana wanga wapita, chabwino chimodzi chokha chimene chatsalapo mukufuna muchiwonongenso? Kabwezeni kumene mwazitenga, apo ayi mukagona nazo ku Katuli!"

Anakabweza.

Pano Che Dinala anasiya ntchito kwa mmwenye, miyendo inakana. Amapesa gombe la akazi awo. Ana amasewerapo mpira madzulo, m'mawa iwo n'kufufuta. Dzuwa likakwera pang'ono amaima n'kutchinga maso ndi dzanja, kuyang'ana kupitirira Malindi. Amati pali kanthu kakung'anima m'tsinde mwa phiri, malata atsopano. Ena tonse tikayang'ana timangoona nkhungu ndi ngalawa. Iwo amaona mpaka mawindo. Lachisanu akachoka ku mzikiti amaimba foni ku Joni kwa Zakia.

"Mama, akhoma malata. Kwatsala penti basi."

"Chabwino, Ababa. Kwabwera kasitomala, ndikuimbirani."

Amaika foni m'thumba la mkanjo n'kutola reki. Kumapeto kwa gombelo, pafupi ndi ngalande, bango lina latulutsa mitu, laling'ono, lobiriwira. Abiti Wadi analiona kalekale, koma sananene kanthu. Che Dinala akafika pamenepo amanyamula reki m'mwamba, amalambalala, n'kukayambira kutsogolo.